Kapu Yomwe Inakana Kusukuluka

1

Kwathu mukafunsa za ine, azakhali anga akuyankhani musanakhale n'komwe pansi: "Ameneyo? Ndi uja anafuna kulanda mwamuna wa mkulu wake." Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuyenda ndi dzina limeneli. Pa ukwati uliwonse wa pachibale amandikhazika pakati pa agogo awiri, kuopa kuti ndingaponye diso pa mwamuna wa mwini. Ndatopa nazo ine. Lero ndilavula zakukhosi, ndipo amene zimuwawe adzipepese yekha.

Tinabadwa awiri, achemwali ndi ine. Makolo athu atamwalira ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iwo makumi awiri ndi chimodzi. Anapeza makina osokera akale, n'kutsegula kashopu pakati pa ometa tsitsi ndi okonza nsapato, ndipo singano imeneyo ndi imene inandiphunzitsa mpaka kukoleji. Amuna ankabwera, pakuti achemwali ndi chiphadzuwa, koma onse ankabwerera ndi yankho limodzi: "Ndili ndi mwana woti ndilere." Mwanayo ndinali ine. Ndinafika zaka makumi atatu ndi chimodzi ndikadali "iwe mwana", ndikupezabe madiresi anga atasitidwa, madzi osamba atatenthetsedwa. Musandiweruze msanga. Inunso moyo wotere mukanaupeza simukanautaya.

Ntchito ndimagwira ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, m'chipinda chapansi chimene anzathu a m'maofesi amachitcha kubafa. Muli matanki, mabeseni ndi mipope basi. Zaka zingapo zapitazo anthu olowa pansi pa nyanja anapeza chombo chimene chinamira zaka zoposa mazana awiri zapitazo, chikuchokera ku China chitadzaza mbale, makapu ndi mitsuko yadothi loyera, zojambulidwa maluwa ndi timilatho tabuluu. Chiwiya chikagona m'nyanja nthawi yaitali chonchi, mchere umalowa m'timing'alu ta khungu lake lonyezimira lija. Ukachiumitsa msanga, mcherewo umauma n'kufufuma, khungu lija n'kuyamba kusupuka. Ndiye ife timaziviika m'madzi abwino, n'kumasintha madziwo sabata iliyonse, kwinaku tikuyeza mchere ndi kamita kathu. Nambala ikatsika n'kukhala pansi masabata atatu otsatizana, timati chiwiyacho chasukuluka, chikhoza kutuluka. Kawirikawiri zimatenga miyezi itatu kapena inayi.

Abwana anga ndi mayi wamfupi wa magalasi okhuthala. Timawatcha Adokotala, ngakhale odwala awo onse ndi mbale.

2

Mmodzi wa anthu amene ankatulutsa ziwiyazo pansi pa nyanja anali chimunthu chachitali cha zaka makumi asanu, chogontha khutu limodzi chifukwa cha madzi, cholankhula mokweza ngati onse ndi ogontha. Tsiku lina zipi ya suti yawo yalabala itaduka, ndinawalozera kushopu kwa achemwali.

"Ine sindisoka chikopa cha chule," anatero achemwali atangoiona sutiyo.

Anaisokabe. Dzina lakuti Achule linayambira pamenepo, ndipo eni ake ankalivomera mosangalala. Kuyambira tsikulo ankabwera sabata ndi sabata ndi malaya ong'ambika, amene ndikukhulupirira ankawang'amba okha.

Loweruka lina masana anatulukira kunyumba kwathu atanyamula chidebe. Analowa nacho pabalaza, fungo la nyanja likuwatsatira, n'kupisamo dzanja. Anatulutsa kakapu kopanda chogwirira, kakang'ono koti n'kubisa m'chikhatho. Kanali koyera, kopepuka, pambali pake patajambulidwa msodzi ali m'kabwato, atavala chipewa chachikulu. Kampani imene ankagwirako ntchito inawapatsa ngati mphatso ntchito itatha, ndi kalata yaumboni yomwe.

"Mayi," anayamba motero, mokweza moti agalu a aneba anauwa, "ndalowa m'madzi zaka makumi awiri ndi zisanu. Chinthu chokongola chimene ndatulutsamo ndi ichi chokha. Ndabwera nacho kwa inu. Ndikufuna mukhale mkazi wanga."

Achemwali, munthu amene saopa ngakhale mkwatibwi amene diresi lamuthina m'mawa wa ukwati, anangoti kakasi. Anayang'ana kapu, anayang'ana Achule, kenaka anayang'ana pansi pomwe madzi ankadontha.

"Mwandinyowetsera kapeti," anatero. "Chotsani chidebe chanu chonunkha nsombachi. Tsiku limene ndidzamwere tiyi m'kakapu kameneka ndi limene ndidzakuyankheni."

Mwamuna wina aliyense akanadziwa kuti awa ndi manyazi chabe, akanaseka n'kubweranso mawa. Koma osati Achule. Pansi pa madzi mnzako akakoka chingwe kawiri ndiye kuti kawiri, sumayamba kuganiza kuti mwina amatanthauza katatu. Anatembenukira kwa ine.

"Mlamu wanga wam'tsogolo, kuti mchere utuluke zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi itatu, ikachuluka inayi."

"Ndidikira. Ife pokwera kuchoka pansi timaima, kudikira, kukweranso pang'ono. Wofulumira kutuluka amafa."

Lolemba anapita ndi chidebe chawo kwa Adokotala, amene analola kuti kapuyo iviikidwe pakona m'kabeseni kakekake. "Iyi si ya boma, ine sindiiyang'anira," anatero Adokotala akundiloza. "Ndi ya mkulu wako. Uione wekha."

3

Lachisanu lililonse 3 koloko masana, Achule ankatsika masitepe a kubafa atanyamula malalanje m'pepala.

"Mlamu, lero mita yati bwanji?"

Mwezi woyamba nambala inatsika bwinobwino. Mwezi wachiwiri inatsikanso, moti Achule anayamba kufunsa ometa tsitsi aja mtengo wa kumeta kwa mkwati. Mwezi wachitatu uli pakati, ndinaviika mita m'madzi iwo akuona, nambala n'kudumpha kubwerera kumene inayambira.

"Aa! Yakweranso?"

"Mwaona nokha, achimwene. Ine ndangoviika."

Anakanda mutu. "Nyanja ndi yaumbombo, sibweza msanga zimene inameza. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwezi wachinayi unadutsa, wachisanu, wachisanu ndi chimodzi. Mbale zikuluzikulu zimene zinalowa m'matanki pambuyo pa kapuyo zinasukuluka n'kukaikidwa m'makabati agalasi kumwamba, ana asukulu n'kumaziloza. Kakapu ka Achule kokha ndi kamene kanakana. Lachisanu nambala ili m'mwamba, tisinthe madzi, Lachisanu linalo ili m'mwambanso.

Sindikana, Lachisanu ndinkalikonda. Achule ankakhala pampando, n'kumasenda malalanje ndi zala zawo zikuluzikulu zija, akundisimbira za pansi pa nyanja: mbale zosanjikizana bwinobwino m'mabokosi amene matabwa ake anaola kalekale, nsomba imene inamanga banja mu mtsuko ndipo inakana kusamuka. Ndinkaseka mpaka misozi. Tsiku lina azakhali, mlongo wa bambo athu, amene amayenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula, anabwera kubafa kudzatenga chikwama chawo chimene anaiwala kwathu ndipo ine ndinawatengera kuntchito, n'kutipeza tikuseka choncho. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ntchito yake ndi yokoma iyi," anatero. "Akufuna anthu ena?"

Kunyumba achemwali ankafunsa kamodzi pa sabata, maso ali pa nsalu.

"Iwe mwana, kakapu kaja kali bwanji?"

"Kakadali ndi mchere."

"Oo."

Basi, makina n'kuliranso. Azakhali anawakalipira kangapo. "Uli ndi zaka makumi anayi ndi zitatu iwe! Ukudikira kapu? Makapu adzaza m'kabatimo, tenga imodzi umwere, umuyankhe munthuyo!"

"Mawu anga ndi amodzi, azakhali. Ndinanena pamaso pake."

Kwa Achule nakonso kunali chimodzimodzi. Lamulungu lililonse ankadya nafe, kukonza mpope, kupachika makatani, koma za ukwati osatchula ngakhale liwu limodzi. Anthu awiri akuluakulu, ofunana moonekeratu, atakhala moyang'anizana patebulo n'kumakambirana za mitengo ya mabatani. Ine ndili pakati, ndikuwonjezera nyama m'mbale mwanga.

4

Mwezi wa khumi ndi umodzi, Achule anatsika masitepe opanda malalanje. M'manja munali envulopu.

"Mlamu, andiitana kudoko lakutali, ndikaphunzitse anyamata ntchito yolowa m'madzi. Nyumba andipatsa kale. Ndinyamuka mwezi uno ukatha."

"Nanga achemwali?"

"Ndikapita nawo, ndapita ndi mkazi. Ndikapita ndekha, sindibweranso. Ndadikira mokwanira, mlamu. Munthu ukakhalitsanso pansi mpweya umatha."

Anayang'ana m'kabeseni muja nthawi yaitali. Aka kanali koyamba kuwaona osamwetulira, ndipo sindinathe kuwayang'ana m'maso.

Madzulo a tsikulo achemwali anasokerera thumba la buluku la kasitomala chadodolido. Zaka zonsezi ndinali ndisanawaonepo akulakwitsa msoko. Maso anali atafiira.

"Mukulira?"

"Chimfine. Kadye uko."

Lachisanu lotsatira Adokotala anandituma kuperekeza mabokosi a mbale kuchionetsero, kutsidya lina la tauni. Pobwerera dzuwa litapendeka, ndinapeza kabeseni kaja kali madzi okhaokha.

"Abwera aja a mawu akulu aja," anatero mlonda. "Andionetsa kalata yoti kapu ndi yawo. Akuti miyezi khumi ndi umodzi ndi yokwana, kaya mita ikufuna kaya sikufuna. Aikulunga m'thaulo, aika m'katoni, apita."

Mayo ine! Ndinaimba foni kasanu, koma munthu wogontha khutu limodzi amene amasunga foni m'thumba la mbali yomweyo mungamupeze? Loweruka ndinathamangira kumene ankakhala, n'kupeza loko pachitseko. Mwini nyumba anati apita kukagula jekete. Pobwerera kunyumba ndinapeza uthenga wafika kale: Lamulungu 2 koloko Achule akubwera ndi kapu, ndipo aitana azakhali ndi Adokotala kuti adzachitire umboni.

Achemwali anali akutsuka tiyipoti ya alendo. Ine ndinalowa kuchipinda n'kuyamba kupemphera pemphero limene sindingakuuzeni.

5

Anafika nthawi yake yeniyeni, jekete yatsopano ikuwathina m'mapewa, katoni ili m'manja. Inali itakhala masiku awiri m'galimoto yawo, padzuwa. Azakhali anakhala pasofa, ambulera ili pamiyendo. Adokotala anakhala pafupi ndi windo. Achemwali anaima pafupi ndi tebulo, tiyi akufuka nthunzi.

"Mayi, munanena mawu, ine ndawasunga," anatero Achule. Anatsegula katoni, n'kuyamba kufunyulula thaulo.

Thaulolo linali litauma gwaa. Atalitsegula, tonse tinasuzumira.

Kakapu kaja kanali katamera ndevu zoyera. Mchere unali utatuluka m'mng'alu uliwonse, n'kuundana m'mphepete ndi pansi pomwe. Tizibenthu tonyezimira tinali titakanirira pathaulo. Msodzi uja analipo, koma chipewa ndi theka la nkhope zinali zitapita.

Achule anagwa pampando. "Ndaiwononga," anatero, ndipo koyamba m'moyo wawo analankhula motsitsa. "Ndafulumira kutuluka."

Adokotala anadzuka, anakonza magalasi, anatenga kapuyo ndi manja awiri. Anakhudza ndevu zija ndi chala n'kulawa. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo, musadziimbe mlandu. Kapu imene yakhala m'madzi abwino miyezi khumi ndi umodzi singachite chonchi, ngakhale mutaiika mu uvuni." Maso awo anafika pa ine. "Iwe, unati nambala inkatani?"

"Inkakwera."

"Inkakwera? Ndakuphunzitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Mchere ukatuluka m'chiwiya, madzi n'kutayidwa, umabwerera wokha? Uli ndi miyendo? Kapu iyi wina wakhala akuidyetsa mchere."

Owerenga anzanga, masiku a mbala ndi makumi anayi. Anga anakwana miyezi isanu ndi inayi, ndiye sindingadandaule.

Ndinali ine, ndipo ndinavomera pamaso pawo. Lolemba lililonse m'mawa ndinkatapa masupuni awiri a mchere kukhitchini kwathu, kuthira m'kabotolo ka mafuta odzola kamene kanatha, n'kuponya m'chikwama. Ndikafika kubafa Adokotala asanabwere, ndinkakhuthulira m'kabeseni ka Achule n'kutakasa ndi cholembera. Pofika Lachisanu mita inkanena zoona zokhazokha, wabodza ndinali ine. Ndipo sabata yomaliza ija, nditamva za kudoko, sindinathire masupuni awiri. Ndinathira manja atatu.

Azakhali anaimirira ngati awaponda pachilonda.

"Ndinanena ine! Ndinawapeza akuseka, akudya malalanje! Mwana uyu akufuna mwamuna wa mkulu wake! Kalanga ine, mlongo wanga, dzuka udzaone zimene unabereka!"

Achemwali anandiyandikira. Anandigwira khutu, mzimayi wamkulu wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, n'kundikokera kukhitchini.

6

Anatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Ukuwafuna Achule?"

"Iii, achemwali! Munthu amatafuna ngati akuswa miyala ameneyo?"

"Nanga n'chifukwa chiyani?"

Ndinafuna kunena nthabwala. Ndinafuna kunena kuti ndani azindisitira madiresi, ndani azindiphikira. Pakamwa panatseguka, koma zimene zinatuluka zinali zina.

"Mukapita nditsala ndi ndani? Amayi anapita, abambo anapita. Ndikabwera kuntchito n'kupeza makina sakulira, ndizilowa bwanji m'nyumba muno? Ndimaopa, achemwali. Ndimangofuna mukhaleko mwezi wina umodzi. Ukatha, ndimafunanso wina."

Ndinalira chokweza, chonyansa, mamina ali chuchuchu. Ndinkadikira mbama. Mbama sinabwere. Achemwali anatsegula kabati yapansi, kuseri kwa mapoto, n'kutulutsa chipaketi chachikulu cha mchere, cha mtundu umene amagula a malesitilanti.

"Iwe mwana, khitchini ino ndi ya ndani?"

"Yanu."

"Ukuganiza kuti mayi amene waphika zaka makumi awiri sangadziwe kuti mchere ukutha msanga? Sabata yachitatu yomwe ndinakuona pagalasi la kabati, ukutapa ngati khoswe. Kuyambira pamenepo ndinasiya kugula timapaketi ting'onoting'ono."

Ndinasiya kulira pakamwa pali yasaa.

"Munkadziwa?"

"Botolo la mchere la patebulo ankadzaza ndani Lamulungu lililonse madzulo? Angelo?"

"Koma bwanji simunandiletse?"

Anakhala pa kampando kophikira, n'kuyamba kupotokola nsonga ya epuloni. "Ndinkaopa nanenso. Moyo wanga wonse ndakhala mayi wako. Ntchito imeneyo ndimaidziwa. Kukhala mkazi wa munthu sindikudziwa poyambira. Ndili ndi imvi, ndimaliza mkonono, sindinagonepo chipinda chimodzi ndi wina kupatula iwe. Ukati kakadali ndi mchere, mtima unkakhala pansi. Ndinkati mwezi wamawa ndilimba mtima." Anapukuta maso. "Ndikumufuna munthu uja. Ndikumufuna kwambiri. Koma akadziwa kuti ndinamusiya azitsika masitepe aja sabata ndi sabata ine ndikudziwa, sandikhululukira. Angapirire chilichonse, koma osati kusekedwa."

Pabalaza azakhali anali akuitanabe akufa mmodzimmodzi. Tinayang'anana, mbala ziwiri za mchere umodzi.

"Tiyeni," ndinatero. "Tiyi akuzizira."

7

Titatuluka, Achule anali ataimirira, jekete itamangidwa mabatani onse, makiyi a galimoto ali m'manja. Sanandiyang'ane. Anayang'ana achemwali.

"Mayi, ndili ndi funso limodzi. Mundiyankhe mwachindunji. Mchere unkachokera m'khitchini mwanu. Inu simunkadziwa?"

Wogontha khutu limodzi, koma mutu ukugwira bwinobwino! Ndinayang'ana achemwali. Ndimawadziwa ine, bodza la maso ndi maso sangalithe. Akanati atsegule pakamwa, Achule akanapita kudoko okha, iwo n'kutsala ndi ine, makina, ndi chipaketi cha mchere. Zimene ndinazifuna miyezi yonse ija zinali pafupi kundigwera m'manja, ndipo nditaziona bwinobwino zinandinyansa.

Ndinadziponya pakati pawo.

"Sankadziwa kanthu! Mchere ndinkagula ndekha. Azakhali anena zoona. Ndimakufunani ndine, Achule! Kuyambira tsiku la malalanje oyamba sindigona tulo!"

Ndinagwira ngakhale pamtima, kuti zikome.

Mukanaona! Chimunthu chimene chinakumanapo ndi shaki, chinsomba cholusa chija, maso ndi maso chinabwerera chambuyo n'kukaima kuseri kwa sofa.

"Mwana iwe! Ine ndine ngati bambo wako!"

Azakhali anakuwa mokondwa, pakuti palibe chokoma kwa iwo kuposa kupezeka kuti ananena zoona. Ambulera inandipeza pamsana kawiri. Adokotala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, akupukusa mutu. M'chipwirikiti chimenechi funso la Achule linamira, ndipo palibe analivuula.

Achemwali anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenaka anatenga kakapu kaja patebulo, ndevu zake zili pompo, n'kunyamula tiyipoti.

"Osati wotentha!" anakuwa Adokotala. "Isweka!"

Achemwali anathira tiyi m'sosala, anauzira, anauziranso, n'kutsanulira m'kakapu muja. Mchere wonse wa manja atatu unasungunukira momwemo. Anamwa kamodzi. Nkhope inakwinyika, maso anatuluka misozi, khosi linakana. Anapuma, n'kumwanso mpaka kugugudiza. Anaika kapu pansi mosamala.

"Ndamwera," anatero mawu atasasa. "Yankho ndi eya."

"Mwati bwanji?" anafunsa Achule, akutembenuza khutu labwino lija.

"Ndati eya, inu a Chule inu! Ndipatseni madzi!"

8

Anakwatirana sabata yomaliza ya mweziwo. Ine anandikhazika kumbuyo, azakhali ali pambali panga ngati wapolisi. Adokotala anandichotsa kubafa miyezi isanu ndi umodzi, ndizikang'amba matikiti pakhomo. Za chikondi changa chonamizira chija sanafunsepo, koma za kapu anandiuza mawu amene amandiwawabe: "Inapirira nyanja zaka mazana awiri. Iwe sinakupirire chaka chimodzi." Pamenepo ndilibe chodzitetezera. Munthu wina kutali uko anakhala pansi n'kujambula nkhope ya msodzi uja ndi kaburashi, ndipo ndinaifafaniza ine chifukwa cha mantha.

Tsiku limene ananyamuka, ndinabwerera kunyumba ndekha. Ndinaima pakhomo mphindi zingapo makiyi ali m'manja. Kenaka ndinalowa, ndinapsereza mpunga, ndinadya wopsererawo, ndipo kunacha ndili moyo.

Ndiye inu amene muli ndi munthu amene mukuopa kuti akusiyani, kaya ndi mkulu wanu, kaya mwana, kaya mayi amene apeza banja lina, muuzeni ndi pakamwa kuti mukuopa. Ine ndi achemwali tinkagona zipinda zoyandikana, aliyense ali ndi mantha ake, ndipo tikanangokambirana tsiku limodzi, munthu wosalakwa sakanazunzika miyezi yonse ija. Manyazi a kunena ndi a tsiku limodzi. Anga a kusanena ndawasenza zaka zisanu ndi chimodzi.

Azakhali, magazini ino ndikudziwa mumabwereka kwa aneba. Mwamva tsopano. Pa ukwati wa mwezi wamawa ndikhala pomwe ndikufuna.

Achemwali, pepani, sindinakupempheni chilolezo. Mukanakana.

Ndipo inu alamu anga, amene mpaka lero ndikabwera kudzacheza mumathawira kugaraja n'kusiya chitseko chotsegula: tulukani, sindinakufunenipo. Funso lanu lija ndinalikwirira ndine, ndipo yankho lake mwaliwerenga. Musanakwiye, kumbukirani zimene munaona ndi maso anu. Mkazi wamantha uja akanatha kungonyambita n'kunena kuti wamwera, palibe akanamutsutsa. Anamwa yonse.